Chitsulo Kuseri kwa Chitseko

Silvestre anachipeza posuntha chitseko kuti azimayi asese: chitsulo chachitali chokutidwa ndi mkuwa, chidakali m'pulasitiki yake. Anachizindikira. Anachigula yekha ku Moatize, kumene amagwira ntchito ya magetsi kumgodi wa malasha, n'kubwera nacho kuno ku Zóbuè miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

Panali patapita masiku awiri chiikire mlongo wake Lídia. Mphezi inagwa pa mlongoti wa intaneti padenga, n'kutsika ndi waya mpaka pa kabokosi ka pabalaza. Inapeza Lídia atagwira waya uja, akufuna kuuzula mvula isanakule.

Silvestre anatuluka nacho chitsulocho pakhonde, pamene panakhala Justino, mwamuna wa malemuwo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Justino sanadzutse mutu.

"Ndinakuuzani chiyani ine? Chikhomeni pansi, mumangirirepo waya wochokera ku mlongoti ndi ku kabokosi, kuti moto ukabwera uzilowa m'nthaka. Ntchito ya m'mawa umodzi!"

"Pano ndi pamiyala, alamu. Ndinkati ndikangomaliza kukumba mbatata..."

"Mbatata."

"Nanga inu amisiri?" Justino tsopano anamuyang'ana, maso ali psuu. "Munachisiya pakhomo n'kuthamangira basi. Mlongo wanu sanakupempheni kuti mugone tsiku limodzi muchikhome nokha?"

Silvestre anakumbukira tsiku lija. Lídia anamupemphadi. Iye anayankha kuti kumgodi sadikira munthu.

"Ndichikhoma lero," anatero. "Ana akukhalabe m'nyumba muno."

"Khomani. Chiteteze mipando."

Silvestre anatenga nyundo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, pansi penipeni pa mlongoti wakupsa uja. Pamalo pamene ankafuna kukhoma panali chidutswa cha lata chopsinjidwa ndi miyala. Anachikankha ndi phazi.

Pansi pake panali dzenje lofika m'mawondo, lopapatiza, m'mbali mwake muli zipsera za kakhasu kakang'ono. Pansi pa dzenjelo panali mwala waukulu wogumulidwa mbali imodzi.

Justino anali atamutsatira, n'kuima pangodya ya nyumba.

"Mlongo wanu ankakumba yekha Loweruka akachoka kumunda," anatero motsitsa mawu. "Ine sankandiuzanso. Akatopa ankavindikira, akuti ana angathyokemo mwendo."

Silvestre anaika nyundo pansi. Anagwada, n'kuyamba kuchotsa ndi manja matope amene mvula inakokolera m'dzenjemo.