Uta wa ku Joni ndi Lubani wa Alamu

Kuyambira ku Santhe mpaka ku Wimbe, funsani aliyense kuti munthu woyamba kubweretsa uta wa vayolini wa ku Joni kuno ndani. Akuuzani kuti ndi Anderson Mwavi, mwini malole. Ndi ineyo ameneyo. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, koma zaka za makuponi zija feteleza wa midzi yonseyi ankakwera lole yanga. Ku Dar es Salaam ndinapondako, ku Lusaka ndinapondako, ku Joni ndiye ndimangopita ngati kudimba.

Mwana wa mlongo wanga, Faustina, anaphunzira vayolini kwa asisitere ena achizungu a kuparishi kwathu, omwe pobwerera kwawo anamusiyira choimbiracho. Chaka chimene Faustina analemba sitandade eyiti kunabwera uthenga wakuti asisitere oyang'anira sukulu ina ya atsikana adzabwera pa Misa kudzamumva. Akakhutira, amutenga akaphunzire sekondale ulere. Akapanda kukhutira, Faustina atsala pamudzi kusankha fodya, chifukwa bambo ake, alamu anga a Misheck, fizi sakanaikwanitsa.

Tsono alamu angawo ndi mlimi wa fodya weniweni. Chinthu chilichonse chamtengo wapatali amachisunga m'chigafa, ndipo chilichonse chokhala ndi sikuluu amachimanga mpaka chilire, ngati akudinda belo ndi jeke. Poopa ana ndi chiswe, anatenga uta wa Faustina, anaukunga kwambiri, n'kuupachika pakati pa fodya. Chinyezi chimene chimafewetsa tsamba chinafewetsanso mtengo. Pomwe ankautsitsa, uta unali utapindika ngati chikwakwa.

Faustina anabwera kwathu maso ali psuu.

“Amalume, basi sukulu ija yapita.”

“Yapita kuti ine ndili moyo? Pukuta misozi. Mawa ndikupita ku Joni kukagula masipeyala, uta ndibwera nawo.”

Ndinatenga chingwe chomangira fodya, ndinayeza utali wa uta wakalewo, n'kudula chingwecho. Munthu woyenda sagula chinthu mongoganizira.

Ku Joni ndinaipeza sitolo yake. Mwini wake, mkulu waulemu wa magalasi, anandionetsa uta wa mtengo wochokera kutsidya kwa nyanja, wonyezimira ngati nsapato za mkwati. Atanena mtengo wake ndinaseka.

“Bwana, ndikufuna uta wa mwana wasukulu, osati matayala a lole.”

Ananditulutsira wina wotchipa womwe unali pamwamba pa bokosi. Apa ndiye anakumana ndi munthu wa ku Kasungu. Ku okushoni wogula fodya sakhulupirira tsamba la pamwamba, amasolola la pakati pa belo. Ndinamuuza kuti akhuthule bokosi lonse patebulo. Uta uliwonse ndinkauyeza ndi chingwe changa, aafupi n'kuwaika pambali. Otsalawo ndinkawaloza kuwindo, diso limodzi chitsinzinire, kuona ngati ali owongoka. Ndinkapotoza kasikuluu ka kumapeto kuti ndimve ngati kakuyenda bwino. Ndinkaugwira m'zala kuti ndimve ngati sukulemera kumutu, poti dzanja la Faustina si la wonyamula mabelo.

Kenako ndinafunsa funso limene mkuluyo anati palibe anamufunsapo.

“Ndi uti umene ungagone m'chigafa nyengo yamvula osapindika?”

Nditamufotokozera kuti chigafa n'chiyani, anasolola uta wakuda wopangidwa ndi kaboni, chinthu cholimba chonga pulasitiki, osati mtengo. Anati umenewo chinyezi suchiopa, ndipo mtengo wake ndi wa ana asukulu. Ndinauloza kuwindo: wowongoka ngati msewu wa ku Chisemphere. Anandiwonjezera kwaulere kachibulumwa kofiirira ka utomoni, kokulungidwa m'kansalu, kopaka pa ubweya wa utawo. Ndinakaponya m'chikwama cha mphatso.

Kubwerera kunali kovuta, pachipata cha m'malire anatichedwetsa, moti ndinafika kunyumba m'mawa wa Lamulungu lomwelo la Misa ija. Anthu anadzaza pakhonde kudzaona katundu wa ku Joni. Mkazi wanga Lefina anayamba kugawa mphatso, ine ndinapereka uta kwa Faustina ngati bwana wopereka chikho.

Faustina anaukunga pang'ono, anaika vayolini paphewa, n'kukoka.

Zii. Kunangomveka kamphepo, fuu, ngati tayala lophwa.

A Lameki, oyandikana nafe, amene sanakondwepo ndi malole anga, anaseka mpaka kugwira chipilala.

“A Mwavi, akuonani kuti ndinu a kumudzi! Akugulitsani ndodo yothamangitsira nkhuku!”

“Amalume,” anatero Faustina, “ubweya watsopano sulira popanda utomoni, ndipo wanga unatha. Sanakupatseni?”

“Anandipatsa! Lefina, kansalu kaja kali kuti?”

“Kamwala konunkhira kaja? Atenga a Misheck. Akanunkhiza, akuti mwawagulira lubani wa ku Joni. Athamangira nako kutchalitchi.”

Alamu anga ndi amene amakonza chofukizira pa Misa. Ndinaona m'maso mwanga sukulu ya Faustina ikukwera kudenga ngati utsi.

Ine ndayendetsa lole m'mapiri a ku Tanzania, koma sindinathamangepo ngati tsiku limenelo. Faustina anali pambali panga m'lole, vayolini pamiyendo, a Lameki atadzikweza okha kumbuyo kuti akaone mapeto ake. Njinga zinkalowa m'mizere ya fodya kutipatsa njira.

Alamu ndinawapeza kuseri kwa tchalitchi. Makala anali atayaka kale m'chofukizira, utomoni uli pa njerwa, mwala wouswera uli m'mwamba.

“Alamu! Mukatsitsa mwala umenewo, mlongo wanga ndimutenga lero lomwe!”

Mwala unaima m'malere.

“Alamu, mwatani? Si lubani mwatigulira uyu? Kachidutswa kena ndaponyamo kale, kakununkhira ngati matabwa atsopano.”

“Uta munauphika m'chigafa, tsopano mukufuna kuwotcha utomoni? Kodi mwana ameneyu anakulakwirani chiyani?”

Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kachibulumwako, n'kukapereka ndi manja awiri. Kanali katabenthuka pangodya pokha.

Belu linalira, anthu anayamba nyimbo yolowera. Faustina anakhala pa sitepe ya lole n'kumapaka utomoni pa ubweya, kukwera ndi kutsika, mpaka ubweyawo unayera ngati wawazidwa ufa. Atayesa chingwe chimodzi cha vayolini, mawu anatuluka onenepa moti a Lameki anavula chipewa osadziwa.

Nthawi ya chopereka anaimirira kutsogolo. Asisitere a kusukulu aja anali pa benchi yoyamba, manja atapinda. Faustina atakoka uta wanga wa ku Joni, tchalitchi chonse chinati chete, ngakhale makanda. Nyimbo inali yomwe timaimba chaka chilichonse pokolola, koma tsiku limenelo inkamveka ngati yachilendo. Amayi a kwaya anayamba kuyankha chapansipansi, kenako mlongo wanga analephera kupirira, nthungululu n'kuphulika. Alamu anali pambali pa guwa, chofukizira chili lende m'manja, misozi ili mbwe.

Misa itatha, asisitere anamuitana Faustina n'kumuuza kuti akonze katundu, malo ake alipo. Kenako anatenga utawo, anauloza kuwindo monga ndinachitira ine, n'kufunsa kuti anasankha ndani.

Ndinali nditaima kale pafupi.

“Ndi ine, asisitere, Anderson Mwavi. Ngati ana anu ena akufuna mauta, ingondipatsani utali wake. Ku Joni amandidziwa.”

Tsiku lopita kusukulu ndinamunyamula pa lole yanga yatsopano, kutsogolo. Asanakwere, anaitana bambo ake, n'kuwaonetsa mmene amamasulira kasikuluu akatha kuimba, kuti uta upume.

“Mwaona, ababa? Si belo uyu.”

A Lameki ndi amene anakweza sutikesi yake. Ndinaimba hutala kuyambira pakhomo mpaka pa Santhe.