Dzina la pa Nsonga ya Chitenje

Ndaziona analota amayi a chipani a ku Kaphande akumusankha kukhala nthumwi yawo ku msonkhano waukulu, kumene chipani chimasankha munthu wodzaima pa upulezidenti. Anamusankhira pabwalo la sukulu dzuwa lili paliwombo, mbuzi zitakhala pamabenchi, amayiwo atakhala pansi.

"Iwe uli ndi digiri," anatero mayi Zamadenga, wapampando wa amayiwo. "Komanso suli pa ntchito. Palibe amene angakusowe masiku atatu."

Ndaziona anaona kuti zonse ziwirizo zinali zoona, choncho sanakane.

Kenaka amayi makumi anayi ndi atatu anagundanitsa mitu n'kunong'ona dzina la munthu amene ankamufuna. Mwa opikisana onse, ndi iye yekha amene anavula nsapato n'kuwoloka mtsinje kudzawaona chaka chimene mlatho unakokoloka. Enawo anangokweza manja ali kutsidya. Dzinalo litatuluka m'kamwa mwa amayiwo linagwera palichero. Linali laling'ono, lakuda, lonyezimira ngati njere ya bwemba. Mayi Zamadenga analitola, n'kulipukuta, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje mfundo ziwiri, monga amayi amangira kanthu kamene sakufuna kuti amuna awo akapeze.

Chitenjecho chinali cha malemu mayi ake a Ndaziona, a Nankhoma, amene anavinira chipani zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anavina pabwalo la ndege, anavina m'mphepete mwa msewu, anavina kunja kwa mipanda ya maholo ambirimbiri, koma m'holo sanalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Nkhope imene inali pa chitenjecho inasuluka kalekale. Panangotsala khutu limodzi.

"Ukafike nalo ku bokosi la mavoti," anatero mayi Zamadenga. "Likakutayika panjira, usabwere kuno kudzatifotokozera m'Chingerezi."

Basi ya nthumwi inali itaima m'kalasi ya Sitandade 4, pakati pa bolodi ndi kabati. Pakhomo pake panali a Gomiwa, gavanala wa chipani m'bomalo, akugawa zitenje zatsopano zonunkhira sitolo. Chilichonse chinali ndi nkhope ya a Chitowe, munthu amene akuluakulu anali atamvana kale kuti ndiye apambane.

"Valani, achemwali a digiri," anatero a Gomiwa. "Kumene tikupitaku mtima ndi umodzi, nsalu ndi imodzi."

Ndaziona anavala chatsopanocho pamwamba pa chakale. Koma zaka zinayi za ku koleji anazithera m'thalauza, ndipo manja ake anali ataiwala. Nthumwi zinzake zinavala nkhope ili kutsogolo. Yake inagwera kumbuyo, penipeni pamene munthu amakhalira. Atawerama kuti akhale, nkhopeyo inatsokomola.

"Pepani, mayi," inatero mwaulemu. "Kodi mukufuna kundikhalira?"

"Ayi, bwana."

"Zikomo. Ena amatero."

Anayesa kutembenuza chitenjecho. Nkhope inabwera kutsogolo, n'kumuyang'ana, n'kutsetserekanso kubwerera kumbuyo. Anayesa kawiri, katatu. Pomaliza anangogwira chitsulo cha kudenga, ndipo basi inanyamuka iye ali chiimire.

Inatuluka pawindo la kalasi n'kulowa mumsika, n'kudutsa pakati pa milu ya tomato osaphwanya ndi mmodzi yemwe. Inadutsa mu ofesi ina ya m'tauni imene Ndaziona anasiyako makalata ofunsira ntchito. Maenvulopu ake anali atafola pabenchi kudikira, ena atamera ndevu, ndipo atamuzindikira anayang'ana kumbali. Kenaka basi inatsikira mumtsinje n'kumayenda pansi pa madzi. Mlatho wokokoloka uja unali pomwepo, wathunthu, anthu akuwoloka ndi njinga zawo. Nthumwi zinkadya chimanga chootcha n'kumawodzera. Ndaziona ankasinthanitsa miyendo, uwu ukatopa uwo, ndipo kanthawi kalikonse dzanja lake linkapita m'chiuno kukakhudza mfundo ija.

"Pali chinthu chikundilasa pachipumi," inatero nkhope.

"Ndi mfundo chabe, bwana."

"Ya chiyani?"

"Ya chitenje."

"Mayi, ine ndakhala m'chipani muno inu musanabadwe. Mfundo yopanda kanthu ndimaidziwa."

Ndaziona anayang'ana nsomba zimene zinkadutsa pawindo zikupita kumene iye ankachokera, n'kuzisirira.

Holo ya msonkhano inali pachigwa chopanda mtengo, ndipo sinkakhazikika. Munthu akayandikira khomo, iyo inkasendera pang'ono ngati ng'ombe yokana goli. Kunja kwa mpanda amayi ankavina. Analipo mazanamazana, ndipo akufa ankadziwika chifukwa mapazi awo sankautsa fumbi. Mmodzi wa iwo anatuluka pamzere n'kubwera kwa Ndaziona, chiuno chikugwedezekabe. Anali a Nasoko, amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi kwawo, omwe anaikidwa dzinja la chaka chatha.

"Ndaziona, waonda."

"Zikomo, amayi. Ndimayesa munamwalira."

"Tinamwalira. Koma palibe anabwera kudzatiuza kuti tisiye." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya mpango. "Tamvera, nyimbo isanasinthe. Pakhomopo akulanda zitenje zakale. Umasule mfundoyo ndi mano, dzinalo ulisunge m'kamwa. Usameze. Usalavule. Ndipo wina akakupatsa moni usayankhe, chifukwa dzina lotumidwa limathawira pa moni."

"Nanga amayi anga ali kuti? Sindikuwaona pamzerepo."

"Analowa. Akufa safunsidwa khadi."

Ng'oma inasintha, ndipo a Nasoko anathamangira pamalo pawo.

Ndaziona analithamangitsa khomolo mpaka analigwira. Pamenepo panalinso a Gomiwa, ngakhale anali atawasiya m'basi akugona. Kumbuyo kwawo kunali mulu wa zitenje zakale, wautali ngati chulu, utamera udzu pamwamba.

"A gavanala," inatero nkhope ili kumbuyo kwa Ndaziona, "mayi awa avala ziwiri."

"Chakalecho siyani apa, achemwali. Mudzachitenga potuluka."

Ndaziona anayang'ana udzu wa pamuluwo. Unali utachita maluwa.

Anawerama ngati akufuna kuvula, n'kukokera nsonga ija kukamwa. Nsaluyo inkamveka utsi ndi sopo wochapira, fungo la m'khwapa mwa mayi ake pobwera ku misonkhano. Mfundo yoyamba inamasuka msanga. Yachiwiri mayi Zamadenga anaimanga ndi mkwiyo wa zaka zambiri, ndipo anailuma mpaka dzino linagwedera. Dzina linagwera palilime. Linali lowawasa, loti munthu atsinzine diso. Anasolola chitenjecho n'kuchipereka ndi manja awiri. A Gomiwa anachiponya pamulu osachiyang'ana, ndipo chinagwa khutu lija lili pamwamba.

"Mwafika bwino?" anafunsa a Gomiwa.

Ndaziona anadutsa.

M'kati holoyo inali yaitali kuposa kunja. Mkeka wofiira unayalidwa kuchokera pakhomo mpaka kutali kumene bokosi linkaoneka ngati kabokosi ka machesi. Mbali zonse ziwiri kunakhala akuluakulu, ndipo onse anali anthu oti sungawadutse.

Patsogolo pake pankayenda nthumwi ina, bambo wa jekete lobwereka. Mkulu wina anamupatsa moni. Bamboyo anavula chipewa, n'kuti, "Ndili bwino, kaya inu," ndipo dzina limene anthu akwawo anamutuma linatuluka pakati pa mano n'kuuluka ngati ngumbi. Kudenga kunali kutada ndi mayina otero. Ankazungulira nyali, mapiko n'kuthothoka, n'kugwa, ndipo anthu ovala masuti ankawasesera m'zidebe. Bamboyo anapitiriza ulendo akumwetulira, nkhope ya pamalaya ake ikumuuza choti akachite.

Ndaziona anakanikiza milomo.

"Muli bwanji, mayi?" anatero ahedi a sukulu ya pulayimale amene anamuphunzitsa kulemba.

"Mwaswera bwanji, mwana wathu?" anatero mkulu wa mpingo.

"Iwe Ndaziona," anatero malume ake, "ndine ndikukupatsa moni."

Anadutsa onse ataweramitsa mutu. Kumbuyo kwake manong'onong'o anayamba kuwira.

"Ndi ameneyu wa digiri uja?"

"Sukulu imatha ulemu."

"Mwina anaiwala Chichewa. Tamuyesani m'chizungu."

"Mwana wa a Nankhoma ameneyu? Mayi ake ankagwadira ngakhale galimoto yopanda munthu."

Malovu anadzaza m'kamwa. Kuti ameze, dzina likanapita nawo. Kuti alavule, likanatuluka nawo. Anawasiya atsikire m'mbali mwa chibwano, ndipo amayi ena a m'mipando ya kutsogolo anaphimba maso a amuna awo. Miyendo yake inali isanapume chichokereni ku Kaphande. Mkeka unkatalika. Dzinalo, pomva chinyezi, linaphukira kamuzu kamene kanayamba kufunafuna njira ya kummero. Anakapanikiza ndi lilime n'kufulumira.

Bokosi linakula mpaka kufika msinkhu wa mtondo. Patsogolo pake, pakati penipeni pa mkeka, panali mpando, ndipo pampandopo panakhala mayi ake.

Ndaziona anali asanawaonepo atakhala pampando pa msonkhano wa chipani. Anakhala kunsonga kwenikweni kwa mpandowo, ngati munthu woyembekeza kuuzidwa kuti achoke. Mapazi awo, osavala nsapato, ong'aluka zidendene, sankafika pansi. Tsiku limene anamwalira, Ndaziona anali m'chipinda cha mayeso, ndipo achibale anagwirizana zomubisira mpaka atamaliza. Anafika kumudzi manda atauma kale. Zaka zitatu zinali zitapita asanamve mawu awo.

"Nda," anatero mayi ake. "Wafika? Wayenda bwanji, mwana wanga?"

Osesa anaimika matsache. Kunja ng'oma zinkamvekabe, koma ngati zili m'mudzi wina.

"Yankhani, mayi," inanong'ona nkhope kumbuyo kwake. "Ndi mayi anu amenewo. Za ndale zisakudanitseni ndi magazi anu."

Bokosi linali masitepe atatu kuseri kwa mpandowo. Mkeka unali wopapatiza, wosati n'kulambalala munthu.

"Sukundimva?" anatero mayi ake. Anapendeketsa mutu monga ankachitira akamamuyeza malungo ndi maso. "Wadya kanthu panjira?"

Yankho linakwera kuchokera m'mimba. Linali lalifupi, la mawu atatu okha, ndipo linali litadikira zaka zitatu. Linafika pammero n'kugundana ndi kamuzu kaja. Nsagwada zinayamba kumasuka zokha. Dzina linagubuduka kufika kuseri kwa mano, ndipo analimva likutambasula mapiko.

Ndaziona anagwada. Anatsitsa thupi lonse mpaka linakhazikika pa zidendene, ndipo kumbuyo kwake kunamveka kamawu kamodzi kobanika, kenaka zii. Aka kanali koyamba kupumitsa miyendo tsiku lonselo. Anapinda zikhatho n'kuwomba m'manja mofatsa, katatu, monga awombera mwana wamkazi akafika pamaso pa akulu mawu asanayambe. Misozi inasakanikirana ndi malovu pachibwano. Milomo sanatsegule.

Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana masaya otupawo. Anayang'ana chitenje chatsopano chimene mwana wawo anachikhalira.

"Chitenje sudziwabe kuvala," anatero.

Kenaka anakweza mapazi awo n'kuwapinda pampando, kusiya njira.

Ndaziona anadutsa chokwawa. Anagwira bokosi ndi manja onse, n'kuika pakamwa pa kabowo, n'kulisiya dzinalo lipite. Linagwa nthawi yaitali, ngati mwala woponyedwa m'chitsime chakuya. Litafika pansi, m'bokosimo munamveka nthungululu za amayi makumi anayi ndi atatu, ya mayi Zamadenga ikuposa zonse ndiponso itaphonya nyimbo monga mwa masiku onse.

Ndaziona anatembenuka msangamsanga.

"Ndayenda bwino, amayi."

Pampando panalibe munthu. Anaikapo dzanja. Panali pofunda.

Anadzidzimuka basi itaima pa sitolo zina za m'mbali mwa msewu, dzuwa la masana likuwotcha tsaya lake pagalasi. Nthumwi zinzake zinkagula mbatata pawindo. Nsagwada zinkamupweteka. Nsonga ya chitenje cha mayi ake inali m'kamwa mwake, itanyowa, ndipo mayi amene anakhala naye pampando anali atasendera kutali. Chikwangwani chinkati kwatsala makilomita makumi asanu ndi limodzi kuti afike kumsonkhano.

A Gomiwa ankabwera m'kanjira ka pakati pa mipando, mulu wa zitenje zatsopano uli pamkono, akugawira uku ndi uku. Atafika pa iye anaima, n'kumwetulira ndi mano onse.

"Mwagona bwanji, achemwali a digiri? Tili limodzi, eti?"

Ndaziona analandira chitenjecho ndi manja awiri. Anachipinda bwinobwino, nkhope ili pamwamba, n'kunyamuka pang'ono, n'kuchiyala pampando, n'kukhala. Kenaka anapinda zikhatho n'kuwomba m'manja mofatsa, katatu.

A Gomiwa anadikira mawu mpaka dalaivala analiza injini.