Vanishi wa Fundi Sibale

"Mtengo umene ungandikanike ine sunamerebe," anatero Mackson Sibale, akupukusa ndodo ya pulu m'mwamba ngati wotsogolera kwaya. "Kaya ndi mlombwa, kaya ndi paini, kaya unachokera kwa azungu, ukafika m'manja awa umagwada. Ndodo iyi ikamadzatuluka pano, Chitipa yense adzavula chipewa."

Mawu amenewa anawalankhula pa shedi yake ya kuseri kwa msika wa pa Boma, pamaso pa madalaivala a kabaza amene ankausa pamthunzi podikira makasitomala. Mackson anali kalipentala, koma dzina limenelo ankati ndi la anthu okhoma mabenchi. Iye anali fundi, monga amatchulira kutsidya kwa malire, pakuti anakakhalako ku Tunduma nyengo ina n'kubwerako ndi jekete lachikopa komanso mawu awiri atatu a Chiswahili. Koma tisamunamizire, ntchito ankaidziwa. Mabokosi ake a maliro ankanyezimira moti amayi obwera kudzalira ankayamba aima kaye n'kukonzerapo duku.

Mwini ndodoyo anali Levison Msukwa, wogula khofi kwa alimi a ku Misuku, yemwenso anali katswiri wa pulu pa Boma ponse. Ndodo yake sankabwereketsa ngakhale kwa abusa. Koma tsiku lina akutsika phiri panjinga yamoto, chingwe chinamasuka, ndodo n'kugwa iye osadziwa. Inakhala muudzu, m'nkhungu ya kumeneko, mpaka mlimi wina anaitola n'kuyamba kugwetsera mapeyala. Pobwerera kwa mwini wake inali ndi kadzenje pamene inamenya mwala, ndiponso itapindika. Ukaigudubuza patebulo inkayenda chotsimphina.

Tsoka linali lakuti pa Boma panali patafika a Safeli, ofisala woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, kwawo ku Mulanje. Bambo amenewa anali atakwapula aliyense patebulo la mu bala ya kwa Kayuni. Anali aulemu, ndipo akamaliza kukugonjetsa ankawerama pang'ono n'kunena kuti "yewo chomene," moti yewo ameneyo ndi amene ankapweteka kuposa kugonjako. Zinamveka kuti ananena kwa anzawo kuti anthu a kuno amagwira ndodo ngati akukumba chinangwa. Wotsala anali Levison yekha, ndipo anapangana kuti aonana Loweruka masana.

Mackson za pulu analibe nazo ntchito. Chimene chinkamuwotcha mtima chinali Faith, mlongo wake wa Levison, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika. Faith anali atavomera kale kukwatiwa naye, koma bambo ake ku Misuku anamva kuti mnyamatayu ndi pakamwa pokhapokha, ndipo anati asavutike kukwera phiri. Munthu yekhayo amene mkuluyo ankamumvera anali Levison. Ndiye Levison pobweretsa ndodo ananena mosabisa: ikachira n'kumuchotsa manyazi pamaso pa a Safeli, adzatsogolera yekha ulendo wa kwa bambo, ndipo adzalankhula mpaka mkuluyo afewe. Ikapanda kuchira, a fundi akafune mkazi ku Tunduma komwe anatenga jekete.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo, ndipo shedi inasanduka bwalo la zisudzo. Mackson anakankhira pambali kabati ya aphunzitsi ena, n'kutuma uthenga kwa Faith kuti abwereke ayironi yake ya makala. Faith anabwera nayo yekha, ati akufuna aone ngati tsopano a fundi ayamba kusita matabwa. Ndipo anasitadi. Anaika kansalu konyowa pa kadzenje kaja, n'kudinda ayironi yotentha. Nthunzi inafuka, mtengo unamwa, ndipo atachotsa nsalu kadzenje kanali katadzuka ngati munthu wouzidwa kuti alendo afika. A kabaza anasinthana kupapasa malowo ndi chala, kufunafuna chilema, osachipeza. Mmodzi anati awa ndi mankhwala. Mackson sanakane.

Kupindika kuja anakuthetsa monga amachitira akuluakulu ndi mpini wa khasu. Anaiwamba ndodo pamwamba pa makala, patalipatali, akuitembenuza mpaka inatentha bwino, kenaka n'kuikanikiza pabondo pang'onopang'ono, diso limodzi lotsinzina, akuilankhula ngati mwana wamakani. Anaimangirira pakati pa matabwa awiri owongoka kuti izizire ili chomwecho. Ataimasula, anapala litsiro lakuda la manja ndi la choko pogwiritsa ntchito chidutswa cha botolo, n'kutsatiza sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wofewa ngati tsaya la khanda. Kunsonga anamata kachikopa katsopano kamene Levison anagula kumalire.

Lachinayi Levison anabwera kudzaona. Anaigudubuza ndodo pagalasi la kabati, ndipo inayenda myaa, osadumpha ngakhale pang'ono. Anawerama pabenchi la ntchito, n'kuiyendetsa pakati pa zala, ndipo inatsetsereka ngati mlamba m'madzi. Levison, munthu wamkulu ndithu, analumpha, n'kumukumbatira Mackson, utuchi ndi thukuta zonse. Ananena kuti ngakhale ili yatsopano sinali chonchi, ndipo a Safeli ayambe kulongedza ulemu wawo. Anaiika pakhwapa kuti azipita.

Apa ndi pamene Mackson anaima pakhomo.

"Alamu, mukupita nayo kuti yamaliseche?"

"Yamaliseche bwanji, a fundi? Yatha iyi."

"Yatha kwa inu. Pa shedi ino sipatuluka thabwa losavala. Anthu akafunsa kuti wakonza ndani, muziti Sibale, ili mbuu ngati mwendo wa mwana wosasamba? Isiyeni ndiimalizitse. Ndibwera nayo ndekha Loweruka."

Levison anazengereza, koma munthu amene wangokuchitira chozizwitsa sumutsutsa. Anaganiza kuti mwina a fundi aipukuta ndi timafuta. Anaisiya.

Mackson sankaganiza za timafuta. Kwa iye, monga kwa kalipentala aliyense wodzilemekeza pa Boma, ntchito yosapaka vanishi inali ngati mkwatibwi wopanda velo. Anatsegula chitini cha vanishi wake wapamtima, wokhuthala ngati uchi, amene ankasungira mabokosi a anthu olemera okhaokha. Anapaka koyamba, ndodo n'kusanduka yagolide. Anapaka kachiwiri, n'kuyamba kudziona mano. Faith atabwera kudzatenga ayironi anaima n'kugwira pakamwa, nati ikuoneka ngati ndodo ya abishopu. Mackson anamuuza kuti ayambe kusoka diresi, chifukwa phiri la kwawo laliona kale likugwada.

Loweruka m'mawa anaona kuti kantchentche kafera pavanishi, pafupi ndi kunsonga. Wina akanangokachotsa ndi chikhadabo. Mackson anapalapo, n'kuona kuti pamalopo pasiya kuwala, ndiye anapakanso ndodo yonse, mowolowa manja, n'kuiimika padzuwa. Pofika masana anaikhudza ndi nsonga ya chala, mwaulemu, n'kumva kuti pamwamba pauma. Safi kabisa, anatero m'Chiswahili chake chija, kutanthauza kuti zili bwino kwabasi.

Ulendo wa kwa Kayuni unali ngati wa mkwati. Anaikulunga ndodo m'chitenje chatsopano, n'kukwera kabaza ataiimika ngati mbendera, a kabaza ena akutsatira pambuyo akuliza mahutala. Amayi ogulitsa nthochi anaimirira, wapolisi wa pamsewu anachita kufunsa ngati kwabwera nduna. Linali dzuwa la mu Okutobala, lija limasungunutsa phula, ndipo mu bala ya malata ija munali mutadzaza moti mpweya unkachita kubwerekana. Kunali a ku khonsolo, a kuchipatala, a kumalire, ndi alimi a khofi amene anatsika phiri kudzaona mwana wa kwawo akubweza ulemu wa Chitipa. Faith, yemwe sankalowa mu bala, anaima panja pawindo ndi anzake.

Mackson sanafulumire. Anayamba wapempha anthu kuti afutukuke, n'kumasula chitenje pang'onopang'ono, kuchokera kumunsi. Ndodo itaonekera yonse, m'nyumbamo munamveka kupuma kwa anthu onse pamodzi, kenaka mluzu ndi kuwomba m'manja. Inkawala ngati yatuluka m'madzi. Ngakhale a Safeli anadzuka pampando, n'kuizungulira manja ali kumbuyo.

"Monire, a fundi," anatero. "Koma ntchito ilipo apa. Kodi ndi yosewerera, kapena tiikhomere kukhoma tiziipatsa moni?"

"Muipatsa moni ikamaliza nanu, bwana," anayankha Mackson, ndipo bala yonse inagwa nako kuseka.

Levison anailandira ndi manja awiri, nkhope ili ngwee. Koma atangoiyendetsa pakati pa zala, kumwetulira kuja kunachepa. Ndodo inalira kuti tswii, ngati nsapato yatsopano. Anapukuta dzanja pathalauza, n'kuyesanso. Tswii. Anayang'ana Mackson, ndipo Mackson anakweza mawu kuti onse amve, nati chinthu chatsopano chimayamba chachita manyazi, ngakhale mkwatibwi salankhula tsiku loyamba. Anthu anasekanso. Levison anaponya diso pakona pamene panali ndodo za bala, zokhota ngati nyanga za mbuzi, ndipo anadziwa kuti pambuyo pa mahutala onse aja sakanatha kuzigwira. Wina anamupatsa paudala kuti athire padzanja. Anathira wambiri.

A Safeli ndiwo anayamba. Anamwaza mipira, n'kumwetsa ingapo motsatizana, modekha ngati akudinda mapasipoti. Kenaka, mwina chifukwa cha kutentha, mwina chifukwa cha kunyezimira kuja, anaphonya. Anthu anakuwa mpaka malata ananjenjemera. Mpira wa Levison unali utaima pakamwa penipeni pa dzenje, woyera uli pafupi, moti ngakhale munthu wobwera kumene kuchokera kumunda akanaumwetsa ndi mpini.

Mackson anakwera pa kireti ya mabotolo kuti aone bwino, komanso kuti aonedwe. M'mutu mwake anali atavala kale suti, akukwera njira ya ku Misuku pakati pa minda ya khofi, Levison ali patsogolo, mkulu uja akutuluka m'nyumba ndi mpando m'manja. Anayang'ana kuwindo n'kumutsinzinira Faith. Anauza amene anali pafupi kuti ayang'anitsitse, chifukwa zimenezi adzafotokozera zidzukulu.

Levison anawerama. Anayala dzanja lamanzere pansalu yobiriwira, n'kugoneka ndodo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. M'chitenje muja, padzuwa lija, vanishi wa m'mawa anali atafewa mkati, ndipo tsopano anakumana ndi thukuta ndi paudala n'kupanga phala. Levison anakokera ndodo kumbuyo, ndipo inabwera monyinyirika, ikukoka khungu la chala. Anaikankha kuti ipite, koma inakana. Bala yonse inali zii, moti tswii uja anamveka mpaka pawindo. Anakankhanso, mtsempha wa pakhosi utaima, ndodo ili gwa ngati yamera pomwepo. Ndiye anaikankha ndi phewa lonse, monga amakankhira njinga yamoto yokana kulira.

Inamasuka kamodzi n'kamodzi. Nsonga inapita pansi pa mpira woyera, n'kulowa m'nsalu, ndipo tebulo la kwa Kayuni linang'ambika kuti kweee kuyambira pakati mpaka kumphepete. Woyera uja anauluka pamwamba pa mutu wa a Safeli n'kukaswa botolo pashelefu, pamene mpira wa Levison unali chiimire pakamwa pa dzenje, osagwedezeka n'komwe.