Mbiri ya Malemu Fanuel Nakhumwa

Sheila analiona pepala la mbiri ya malemu mwambo wa maliro uli pafupi kuyamba, ndipo mtima unamuwira.

Bambo ake, a Fanuel Nakhumwa, anajambula mapulani a nyumba zaka makumi anayi. Masukulu, zipatala, ngakhale tchalitchi cha ku Chitakale momwe munagona bokosi lawomo, zonsezo zinachokera pa pensulo yawo. Koma mbiri ya malemu yomwe analemba a Vincent, mng'ono wawo, inali nkhondo yokhayokha: mnyamata wolondera njanji ku Mozambique, wosaopa chipolopolo, wogwetsa adani ngati nthochi. Za mapulani? Kamzere kamodzi kumapeto, basi.

Sheila anawapeza a Vincent kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo aang'ono, bodzali mukaliwerenge pamaso pa anthu?"

"Iwe, mbiri amalemba ndi akuchimuna. Mwana wa malemu ntchito yake nkulira. Kakhale pansi."

"Adadi ananena okha kuti pamaliro pawo pasamveke za mfuti."

"Anthu abwera kudzaika msilikali, osati wojambula timizere."

Timizere! A Vincent omwewa, oti kwawo kuyenda kunathera pa malire a Muloza pogula zitenje, lero ndiwo akudziwa nkhondo? Zamanyazi. Sheila anakakhala pamkeka pakati pa azimayi. Akangokhala chete, bodzalo ndi lomwe adzukulu adzakule nalo.

A Vincent anaima kutsogolo, nakonza tayi, nayamba ndi mawu okuluwika ngati a pawailesi. Atafika pa "adani khumi ndi awiri tsiku limodzi", Sheila anadzuka. Azakhali anamukoka chitenje, iye anachisiya m'manja mwawo.

"Pepani abusa, pepani nonse. Adadi sanaphe anthu khumi ndi awiri. Anapha mmodzi, kamnyamata kopanda nsapato, ndipo anakalira mpaka tsiku lomwe anatisiya, Lachiwiri lapitali. Tayala likaphulika pamsewu ankagwa chafufumimba, ife ana tikuona. Mukuombera m'manja chinthu chimene chinawadya moyo wonse!"

"Khala pansi, wamwano iwe!" anakuwa a Vincent.

"Sindikhala! Kwezani maso, muone denga ilo. Mphepo ya m'phiri yasasula nyumba zingati kuno? Ili lasunthapo? Mazenera awa anawaika m'mwamba kuti okalamba asamakomoke ndi kutentha. Munthu mukumuikayu ndi ameneyo. Adani khumi ndi awiriwo ndi anu, bambo aang'ono, mukawaike kwanu."

Kenaka mitu inayamba kudzuka, wina uku, wina uko, mpaka abusa omwe. Anthu opemphera momwemo zaka makumi awiri ankaliona dengalo ngati alowa koyamba.

A Vincent anapinda pepala lawo, osalimaliza. Kumanda sanamuyang'ane Sheila, ndipo pa sadaka anatuma uthenga kuti mwana wopanda mwamboyo asapondeko. Sanapondekodi. Tsikulo anapita ku tchalitchi, nakhala yekha pa benchi yakumbuyo, nalira bambo ake bwinobwino koyamba.