Dzina la Apongozi

Tsiku limene Silas anatenga Ennie kupita naye kwawo ku Kakumbi, alangizi anamugwaditsa mkaziyo pamphasa, pamaso pa apongozi ake aamuna.

"Awa suwayang'ana m'maso," anatero. "Dzina lawo sulitchula, kaya pamaliro, kaya pamowa, mpaka ulowe m'manda. Walonjeza?"

Ennie analonjeza, maso ali pansi. Zaka khumi ndi zinayi anasunga mawu ake.

Tsopano pakhonde panali pepala lomuitana kukhoti lalikulu ku Chipata. Analitsindira ndi mwala, ndipo palibe amene ankafuna kulikhudza.

Masiku amenewo tsidya la Luangwa linali lisanatchedwe paki. Linali gemu rizevu chabe, malo osungirako nyama za kutchire. Boma linkadziwa kuchuluka kwa njovu zake, koma za minda imene njovuzo zinkadya silinkafunsa. N'chifukwa chake a Langford Mbao, apongozi a Ennie, anali munthu wamkulu. Mfuti yawo ya gogodela inadyetsa midzi nyama ya njati chaka cha njala. Panalibe khomo limene silinanyambitepo chala.

M'mawa wina Ennie anapita kuthamanda kukavuula mono. Ali m'mabango anamva Cosmas Zimba, mlonda wa nyama, akuuza a Langford kuti atule mfuti pansi. Ennie akuona, mfuti ya a Langford inalira. Cosmas anagwa chagada pamchenga ndipo sanadzukenso. Ennie anathawa, dengu lake n'kulisiya pomwepo, ndipo dengulo ndi limene linabweretsa apolisi pakhomo.

Nkhani inauluka. Wailesi inalengeza, manyuzipepala a ku Lusaka analemba, azungu a misasa ya alendo anakalipa. Kumudzi azimayi ankakhala chete Ennie akafika pachitsime. Tsiku lina m'mawa anapeza nkhuku yake itapotoledwa khosi, itagonekedwa pakhomo penipeni. Kuyambira pamenepo ana sankawatumanso kutali.

"Amake Tabeth, ndaganiza," anatero Silas, mawu ali pansipansi. "Pabwalo la mfumu amakuyankhulira ndani? Si amalume ako a Benson, nkhoswe yako? Uwauze zonse, apite iwo. Iwe sutchula dzina, mwambo susweka."

"Nanga akakana, atate ake Tabeth?"

"Akane nkhoswe? Ngakhale boma lili ndi amalume ake."

A Benson analoweza nkhaniyo masiku atatu, kenako anakwera lole ya thonje kupita ku Chipata atavala jekete la kutchalitchi. Patapita masiku awiri anabwerera pa landirova ya boma, ali kumbuyo, nkhope ili gwa. Ana anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ennie anaganiza kuti abwera kudzamumanga.

M'galimotomo munatsika mwamuna wowonda, maso ofiira ndi kusagona.

"Mwaswera bwanji, amayi? Ndine Gideon Sakala, woimira boma pamlandu uwu. Amalume anuwa amatha kuyankhula. Nditawafunsa kuti anali kuti mfuti ikulira, akuti anali ku Msoro kumaliro."

"Koma zonse ndazigwira," anadandaula a Benson.

"Mwazigwira ndi makutu, akulu. Khoti lalikulu limafuna maso. Za 'ndinamva' sizimanga munthu, ndipo ndi bwino kuti zisamange. Mawa wina akhoza kumva za inu."

Ennie anakhala pansi chapatali. "Bambo, ndi apongozi anga aja. Ndinalumbira. Pakamwa panga pakatuluka dzina lawo, ndidzakhala kuti m'mudzi muno?"

A Gideon anavula chipewa. "Mantha anu ndikuwamva. Inenso ndili nawo. Ku Lusaka amaimba foni tsiku lililonse kufuna kuti mlandu uthe msanga. Atolankhani amandidikira pachipata. Amayi anga enieni akuti ndikugulitsa munthu chifukwa cha nyama za azungu. Koma uwu si mlandu wa njati. Cosmas wasiya mkazi, Magdalene, ndi ana anayi. Ngakhale Lusaka ifuule chotani, popanda umboni woona sindingamange munthu."

"Ndiye mukufuna mkazi wanga aphetse atate anga?" anafunsa Silas.

"Mboni siweruza, bambo. Woweruza ndi jaji. Atate anu ali ndi loya wowayankhulira, ndipo adzafunsa amayiwa mafunso. Amayi, inu mudzanene zimene munaona basi. Osawonjezera kuti musangalatse ine, osachotsera kuti musangalatse mudzi. Chimene simukumbukira, nenani kuti simukumbukira."

"Nanga ndikangothawira kwathu?"

"Pepala lili pansi pa mwalalo ndi lamulo. Mukapanda kufika, khoti likhoza kutuma apolisi kudzakutengani. Chingelezi chisakuopseni, womasulira alipo. Galimoto idzakutengani. Kodi alipo amene wakuopsezani?"

Ennie anayang'ana Silas. Silas anayang'ana pansi, kenako anafotokoza za nkhuku ija.

"Munayenera kunena tsiku lomwelo. Kuopseza mboni ndi mlandu paokha."

Madzulo asanafike a Gideon anasonkhanitsa mudzi n'kunena mawu omwewo poyera. Wapolisi mmodzi amene anabwera nawo anatsala pa Kakumbi mpaka tsiku la mlandu. Pakhomo pa Ennie sipanagonekedwenso kanthu.

Silas sanadye masiku awiri. Tsiku lachitatu anachotsa mwala uja, n'kupinda pepala bwinobwino.

"Ndidzapita nawe," anatero.

Ku Chipata anthu anali fwamphu, ena atakwera m'mitengo kuti aone pawindo. Ennie podutsa anamva wina akuti, "Ndi uyo wadya nyama n'kuluma dzanja." Analowa m'kabokosi ka mboni, nagwira Baibulo ndi manja awiri kuti lisagwe. Anafotokoza za mono, za mabango, za mawu a Cosmas, za kulira kwa mfuti. Loya wa a Langford anamufunsa kuti inali nthawi yanji.

"Wotchi ndilibe, bambo. Kaya seveni koloko, kaya eyiti, sindidziwa. Dzuwa linali litangokwera pamwamba pa mitengo ya tsanya."

Kenako a Gideon anaimirira. "Amene anawombera munamudziwa?"

"Anali apongozi anga."

"Khoti likufuna dzina, amayi. Ndipo ngati ali muno, muwaloze."

  Ennie anafuna Silas ndi maso, namupeza pa benchi lakumbuyo, atagwira mutu. Chapafupi panali Magdalene, mwana ali kumsana. Ennie anakweza nkhope, nakweza chala, nayankha.

Patapita sabata, jaji anapeza a Langford olakwa. Ananena kuti anakhulupirira Ennie chifukwa pamene sankadziwa, anavomera kuti sadziwa. Kumudzi ena sanamupatsenso moni, koma palibe amene anamukhudza, ndipo Silas sanamusiye. Magdalene anayenda wapansi kuchokera kukampu ya alonda kudzamuthandiza kupalira.

Inu amene mukuwerenga, gwirani izi. Pepala la khoti likafika, pitani nokha. Nkhoswe, mwamuna kapena mfumu sangaone m'malo mwanu. Nenani zimene munaona, zokhazo. Wina akakuopsezani, kaneneni kupolisi tsiku lomwelo. Ulemu wa kwa apongozi ndi wabwino, koma sungakwirire magazi a munthu.

Pamphasa paja Ennie analonjeza mpaka kumanda. Koma m'khoti muja, tsiku la mlandu, cha m'ma teni koloko, anawayang'ana apongozi ake m'maso nati, "Langford Mbao."