Pupusa Sadyera Foloko

Griselda anachoka ku San Miguel mwana wake Idalia akukwawa, n'kupita kukakolopa nyumba za eni ku Costa Rica. Ankati akangopeza pogwira adzabwera kudzamutenga. Pogwirapo anapapeza mwanayo ali namwali womuposa msinkhu, woleredwa ndi Tomasa, mkulu wake wa Griseldayo.

"Ndipita nanu," anatero Idalia, Griselda atabwera n'kumunyengerera mpaka kutopa. "Koma mtima wanga ukakana panjira, musandigwire dzanja."

Anakwera basi yodzera ku Honduras ndi Nicaragua, Griselda atatsimikiza kuti mtima umenewo aukopa ndi chakudya. Munthu wokalambira m'makhitchini a eni, njira ina yokondera munthu akanaidziwira kuti?

Ku Choluteca dzuwa linali loswa mtengo. Amayi amalonda anakhamukira m'basi ndi mabeseni pamutu, akukuwa ngati kwagwa moto. Griselda anagula baleada ziwiri zamoto, zikondamoyo zopyapyala zopinda pakati, nyemba ndi zonona zikutuluka m'mbali.

"Idya, mwana wanga. Ya mazirayi ndi yako."

"Mazira amanditupitsa," anatero Idalia akuyang'ana pawindo. "Kunyumba aliyense amadziwa."

Griselda anadya zonse ziwiri yekha.

Ku Nicaragua zinthu zinayamba kuoneka bwino. Pa Nagarote anagula quesillo, tchizi ndi anyezi wowawasa zokulungidwa m'kajumbo. Amene amaidziwa amaluma kangodya ka jumboyo n'kumayamwa msuzi pang'onopang'ono. Griselda anafinya ndi mphamvu zake zokolopera zija, zonona n'kuthovokera pa chipewa cha mkulu wina wokhala kutsogolo.

"Mayi, ndinabatizidwa kale ine!" anakuwa mkuluyo.

Basi yonse inafa nacho chikhakhali. Idalia anaseka mpaka misozi, kenako anatenga mpango wake n'kupukuta chigongono cha Griselda. Dzanja limenelo Griselda analimva mpaka m'mafupa. Msewu wonse wopita ku Managua ankapanga kale za makatani a chipinda cha mwanayo.

Pa Rivas, pomwe ankasintha basi yomaliza yokafika kumalire, Idalia anaima n'kununkhiza. Pansi pa mtengo wa mango mayi wina wonenepa ankawomba ufa m'manja, pupusa, zitumbuwa zakwawo zachimanga zokhala ndi tchizi m'kati, zikuthetheka pachiwaya.

"Ndinu akwathu kodi?" anafunsa Idalia.

"Wa ku Usulután ine, mwanawe. Iwe?"

"San Miguel."

"Mayo ine! Anthu othira msuzi wam'botolo pa pupusa inu? Khala pansi, koma zamanyazi zanuzo osachitira pano."

Anasekana ngati anakulira nyumba imodzi. Griselda naye anaitanitsa zake, koma lilime lake linali litapindikira ku Costa Rica kalekale. Mayiyo anamuyang'ana nsapato ndi kachikwama, napukuta foloko yomwe ankasungira alendo n'kuiika pambale. Kwawoko ngakhale khanda limadziwa kuti pupusa amang'amba ndi zala, kupsa upse. Griselda, maso ali pa mwana wake, anatola folokoyo osaganiza n'kuyamba kudula timagawo monga ankadulira ana a abwana ake.

Mayiyo anatsinzinira Idalia diso. "Adona akowa akukutengera kuntchito eti? Uzisamala, mwanawe, kumeneko anthu amapita osabwerako."

Griselda anadikira. Mawu ofunika anali ochepa, ndipo mwanayo anali nawo pakamwa. Idalia anangoweramira mbale yake, tchizi chikumutentha zala, misozi ikugwera pa kabichi wodyera pupusazo.

"Ndinamubala ndine," Griselda anadziyankhira yekha.

"Pepanitu, mayi," anatero mayiyo. Anatembenuza pupusa zomwe zinali zisanapse n'komwe.

Atabwerera kudepoti, Idalia ananyamula chikwama chake n'kuima pakati pa mabasi awiri.

"Ine ndibwerere pano."

"Chifukwa cha foloko, mwana wanga? Ndiitaya! Ndizidya ndi manja, ngakhale supu ndizimwera m'manja!"

"Si foloko ayi. Mayi aja atafunsa, ndinafunafuna choyankha mumtima, sindinachipeze. Mwandichitira zabwino njira yonseyi. Koma ndikapitirira, ndizikakhala mlendo wanu, inu n'kumandiphikira."

Griselda anatambasula dzanja, kenako anakumbukira pangano lija n'kulibweza. Fupa lokakamiza limaswa mphika, amatero, koma onena zimenezo sanaonepo mwana wawo akukwera basi yolowera kwina. Zinamupweteka kuposa tsiku lomwe anamusiya akukwawa, chifukwa tsiku lija anali ndi bodza lodzitonthoza nalo.

Idalia atakwera basi yobwerera kwa Tomasa, Griselda anakakhala pampando wake m'basi yopita kumalire. Mnyamata wogulitsa chinangwa ndi nyama yankhumba anamuyandikizira mbale kumphuno, iye n'kupukusa mutu. Kondakitala anabwera akuona matikiti, naima pa mpando wopanda munthuwo.

"Munali awiritu, mayi. Mtsikana uja ali kuti? Tikunyamuka."

"Tiyeni," anatero Griselda. "Wabwerera kwa amayi ake."