Asilikali a pa Tsamba 47 Ankamwa Chiyani?

Buku loyamba lokhala ndi dzina langa linatsala pang'ono kutuluka ndi asilikali oposa miliyoni imodzi ndi theka amene palibe anawawerengapo. Amene anandigwira dzanja ndi bambo anga, munthu amene sukulu anaisiyira panjira n'kukalamba akuyendetsa galimoto ya madzi.

Ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo choko ndadya zaka khumi ndi zinayi. Kampani ina yosindikiza mabuku a sukulu itandipempha kuti ndilembe mutu wa Agiriki akale, ndinadzimva, sindibisa. Mkonzi wa kumeneko timawatcha a Lumo chifukwa amadula ziganizo za anthu mopanda chisoni. Lachisanu ndinasaina masamba anga onse pamaso pawo. Anandiuza kuti Lolemba masana buku likupita ku makina osindikizira, kenako ku komiti yovomereza mabuku. Komitiyo ikakana buku, wolemba wake saitanidwanso.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa bambo. Maso awo ali ndi ng'ala, ndiye amakonda kuti ndiziwawerengera. Koma tsiku limenelo ndinapita kukadzionetsera basi. Ndinawapeza pakhonde, kapu ya tiyi ili pabondo, ndipo ndinatsegula tsamba 47, limene ndinkalinyadira kuposa onse.

Tsambalo linkasimba za mfumu ya ku Perisiya ikupita kukathira nkhondo Agiriki. Chiwerengero cha asilikali ndinachitenga kwa Mgiriki wina wakale amene analemba za nkhondoyo, ndipo ndinachiika monga mmene timaikira tsiku lobadwa la munthu, popanda "akuti" kapena "mwina". Ndinawerenga mokweza, mawu a m'kalasi: fumbi kuphimba dzuwa, mikondo kunyezimira, mitsinje kuuma asilikali atamwa.

"Taima kaye, Aphunzitsi," anatero bambo. Amanditcha choncho akafuna kundiseka. "Wati angati?"

Ndinabwereza kuti oposa miliyoni imodzi ndi theka.

"Ankamwa chiyani?"

"Madzi, Bambo. Mwamva kuti mitsinje inauma."

"Ndamva. Mtsinje wauma lero. Mawa amwa chiyani?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti wolembayo wakhala akuwerengedwa zaka zoposa zikwi ziwiri, ndipo si wa pakhonde pano. Bambo anatsitsa kapu n'kuyamba kupinda zala.

"Pa msasa wa anthu okonza msewu tinalipo mazana atatu. Ine ndinkapita kumtsinje kawiri pa tsiku, thanki yodzaza, ndipo tayala likaphulika anthu ankafuna kundidya wamoyo. Anthu akowo ndi misasa ingati ngati wathu? Werengera, iwe ndi wa sukulu."

Ndinawerengera m'mphepete mwa tsamba, milomo nditaitulutsa. Misasa zikwi zisanu.

"Ndiye maulendo zikwi khumi pa tsiku," iwo anatero. "Galimoto kunalibe, ndi abulu okhaokha, ndipo bulu nayenso amamwa. Akavalo sitinawawerenge. Za kuchimbudzi sindifunsa, tiyi angandikanike."

Chondipweteka kwambiri chinali chakuti zimenezi ndinazimvapo ku koleji, kuti akatswiri a masiku ano amati asilikaliwo anali ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ndinazitaya dala chifukwa chiwerengero chachikulu chimakoma pakamwa, ndiponso ana amachiloweza msanga. Manyazi atandigwira, mkwiyo ndinaupititsa kwa Mgiriki uja.

"Ndimuchotsa yense, wabodza ameneyu."

"Ayi, usamunyoze mkulu wa anthu," anatero bambo. "Iyeyo analipo?"

"Ayi. Anayenda n'kumafunsa anthu patapita zaka."

"Eya. Anafunsa anthu amene anachita mantha, kenako n'kupambana. Wamantha amawerenga ndi mitengo yomwe, ndipo wopambana safuna kumva kuti anagonjetsa anthu ochepa. Ifenso bwana akafunsa kuti pa msasa muli angati, kapitawo ankawonjezera makumi asanu kuti madzi asatithere. Koma ukamufunsa kapitawo yemweyo kuti msewu unadutsa pati, mlatho unali pati, sakanama. Mkuluyo umufunse za njira. Za chiwerengero uwauze ana kuti anachita kumva."

Lamlungu lonse ndinalemba ndi kufufuta. Lolemba ndinafika ku ofesi ya a Lumo chitseko asanatsegule. Atamva chimene ndabwerera, anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati ndawapondera maluwa.

"Mayi, zosainidwa sizitsegulidwanso. Mukudziwa kuti pali aphunzitsi angati amene akufuna malo anuwa?"

"Ndikudziwa. Koma komiti ikachiona chiwerengerochi, buku lonse ligwa. Ikapanda kuchiona, ana a dziko lonse aloweza bodza lokhala ndi dzina langa pansi. Pa ziwirizi sindikudziwa choipa kwambiri."

Anagogoda tebulo ndi cholembera chawo chofiira. Kenako anati tsamba lisatalike ngakhale ndi mzere umodzi. Ndikawonjezera mizere khumi ndi iwiri, ndichotse khumi ndi iwiri, ndipo nthawi ikakwana 11 koloko zikhale zatha.

Mizere yoti ichoke inali yodziwikiratu. Fumbi langa lija, mikondo yanga yonyezimira ija, ndime imene ndinaisula milungu iwiri. Ndinaidula ndekha ndi cholembera cha a Lumo, mtima ukuwawa. M'malo mwake ndinalemba kuti chiwerengerocho ndi cha wolemba wakale amene anachimva kwa ena, kuti akatswiri ambiri amachikayikira, koma kuti popanda iyeyo tikanadziwa zochepa za nkhondoyo. Pansi ndinaika kabokosi ka funso: ngati anthu mazana atatu amafuna mathanki awiri a madzi pa tsiku, asilikali onsewa akanafuna angati? Nanga n'chifukwa chiyani opambana angakonde chiwerengero chachikulu?

A Lumo anawerenga kawiri osadulapo kanthu, zimene sindinazionepo chiyambire.

"Wakupatsani funsoli ndi pulofesa uti?"

"Wa madzi," ndinatero, n'kuwafotokozera.

Patapita miyezi inayi komiti inavomereza bukulo. M'kalata yawo anatchula tsamba limodzi lokha, la 47 lija, kuti ena atengerepo chitsanzo. Ndinakhala pansi mu ofesi ya aphunzitsi, ndikuganiza mmene kalatayo ikanamvekera ndikanapanda kupita kukadzitama pakhonde paja. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anandipulumutsa atangogona masiku awiri.

Buku litafika ndinapita nalo kwa bambo. Analisisita chikuto, n'kulinunkhiza.

"Mgiriki uja unamusiyamo?"

"Alimo, Bambo."

"Wachita bwino."

Ndinawawerengera kabokosi kaja, iwo akuseka chamumtima. Kenako ndinatsegula kutsogolo, pa tsamba lothokoza, kuti ndiwasonyeze pamene pali dzina langa. Tsamba limenelo sindinalione lisanasindikizidwe. Panali mayina a mapulofesa atatu ndi a oyang'anira sukulu, ndipo pansi penipeni a Lumo, munthu amene moyo wake wonse amangochotsa, anali atawonjezera mzere wawo: "Tikuthokozanso woyendetsa galimoto ya madzi amene anafunsa funso la pa tsamba 47."

Sindinawathokozepo bambo bwinobwino pa chilichonse, ngakhale pa maulendo awiri a tsiku lililonse amene anandiphunzitsa mpaka koleji. Ndinagwira dzanja lawo n'kuika chala chawo pa mzerewo.

"Zikomo, Bambo," ndinatero. "Mwandiphunzitsa kawiri."

Chala sanachichotse.

"Tawerenganso, Aphunzitsi," anatero. "Koma pang'onopang'ono, ngati mmene umawerengera ana a kumbuyo kwa kalasi."